Phazi la Telala ndi Diresi la Amayi Anu

Tabwerani kuno ana inu, mafoniwo sathawa. Lero ndi tsiku la ndani loyang'ana phazi la agogo? Iwe Chisomo usaloze mng'ono wako, dzulo anayang'ana ndi Takondwa. Ndimakuonanitu mukamakwinya mphuno ngati ndakutumani kukataya khoswe wakufa. Sindikukuimbani mlandu ayi, phazi la nkhalamba si duwa. Koma madzi a m'beseniwo akadali otentha, ndipo mukudziwa kuti ine ndikhoza kuphikamo phazi osamva kanthu. Ndiye khalani pansi ayambe azizira, ndikuuzeni kumene ntchito yanuyi idachokera.

Phazi mukulinyozali ndilo lidalera amayi anu. Lidachoka kwathu kuseri kwa Mitundu wapansi, ine ndili mnyamata, nsapato zili paphewa. Inde, paphewa. Zidali nsapato za malemu amalume, ndipo kuzidyetsa fumbi la msewu wonse uja kukadakhala kuwononga zinthu. Ndidazivala nditayandikira msika wa Lilongwe kuti anthu a m'tauni asandione ngati wakumudzi, koma adandizindikirabe chifukwa ndinkapereka moni kwa aliyense wokumana naye. Inu lero kukagula buledi pakona pomwepa mu Area 47 mumayamba mwafunsa ngati galimoto ilipo.

Utelala ndidauphunzira pakhonde la sitolo ina ya nsalu, kufupi ndi msikawo. Mdala amene adandiphunzitsa adali ndi malamulo awiri okha. Loyamba, ukakhala pamakina vula nsapato, chifukwa phazi liyenera kumva makina ndipo makina ayenera kumva phazi. Lachiwiri, pamakina a telala sipakhala munthu wina. Ankati phazi lachilendo limawasokoneza mtima. Ine malamulo amenewa ndidawasunga kuposa ena khumi aja a kutchalitchi.

Makina ake ndi omwe aja mudaikapo maluwa apulasitiki pakhonde la kuseri. Safuna magetsi amenewo. Pansi pake pali chitsulo chopondapo: ukakankha ndi zala n'kubweza ndi chidendene, lamba wachikopa amazunguza gudumu, singano n'kuyamba kuthamanga. Zala, chidendene, zala, chidendene, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anthu amayamikira manja a telala, koma manja amangolondolera nsalu. Ntchito yeniyeni ili pa kakolo.

Mdala uja atabwerera kwawo khondelo lidatsala langa. Mwini sitolo adali a Kasamu, mmwenye wobadwira mu Lilongwe momwemuno, amene Chichewa ankachilankhula kuposa inu a "agogo ndili bize". Munthu akagula nsalu mkati, iwo ankangoloza pakhomo n'kuti, "A Mbewe ali panjapo." Tidakhala choncho zaka zoposa makumi atatu, iwo mkati, ine kunja, pakati pathu pali zenera. Ankati makina anga ndiwo wotchi yawo: akayamba kulira ndiye kuti kwacha, akakhala chete ndiye kuti a Mbewe apita kukaonera bawo.

Chaka cha telala chili ndi nyengo zake ngati cha mlimi. Fodya akagulitsidwa ankabwera alimi, aliyense akufuna jekete ya matumba ambiri. Sukulu zikamatsegulidwa tinkamira m'mayunifolomu. Khirisimasi ikayandikira ndiye musafunse, ngakhale malovu tinkamezera m'njira. Ndipo padali mabwana a m'maofesi a ku City Centre ndi masafari suti awo. Tepi yanga inkadziwa kuti munthu wakwezedwa pantchito mkazi wake asanamve, chifukwa mimba ndiyo inkayamba kulengeza. Kenaka kudabwera kaunjika, atelala tonse n'kusanduka ofupikitsa mabuluku a anthu ataliatali a kunja amene sitidawaonepo. Koma imeneyo ndi nkhani ina.

Agogo anu aakazi, a Nankhoma, ankagulitsa masamba mumsika. Chisomo ukuwakumbukira pang'ono, Takondwa udali pamsana. Masana aliwonse ankabwera pakhonde ndi kachakudya kathu, tikadya ine n'kuwasiyira khonde kuti ndikagule zipi kapena ulusi. Pochoka ndinkanena mawu omwewomwewo: "Makinawo musakhudze." Iwo ankayankhanso omwewomwewo: "Ndani angakhudze mkazi wanu wamkulu?" Makinawo ankawatcha mkazi mnzawo, ndipo ankati mkazi mnzawoyo amadzozedwa mafuta kawirikawiri kuposa iwo. Sankanama.

Matenda a shuga adandipeza amayi anu ali kusekondale. Ludzu losatha, kupita kuseri kosalekeza, thupi kungosungunuka ngati sopo. Kuchipatala adandibaya chala, adandipatsa mapiritsi, adandiuza zoleka. Ndidamvera miyezi ingapo. Nditaona kuti ndapezako bwino ndidayamba kumwa mankhwalawo mongokumbukira, ngati kupereka moni kwa apongozi okhala kutali. Tiyi wa masupuni anayi adabwerera, mandasi a mayi wina wa pakona adabwerera. M'mutu mwanga shuga idali nkhani ya pakamwa ndi m'mimba. Akadandiuza munthu kuti tiyi amatsikira mpaka kuchidendene ndikadamuseka.

Zaka zidapita, kenaka makina anga adayamba kudwala. Ndikati ndipalase, gudumu linkazungulira kawiri katatu n'kubwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka. Telala aliyense amadziwa kuti gudumu likamabwerera vuto ndi lamba. Chikopa chikakalamba chimauma, sichigwiranso bwino. Ndidagula lamba watsopano. Sizidasinthe. Ndidathira mafuta mpaka makina kumadontha ngati chiwaya cha tchipisi. Ndidasintha singano, ndidasintha bobini, ndidaitana makaniko wa makina osokera amene adawamasula onse n'kuwamanganso. Atakhalapo yekha kuti ayese, ine nditatembenukira kumbali kuti ndisaone lamulo likuswedwa, makinawo adathamanga bwinobwino. Atachoka, ine kukhalapo, adayambiranso. Mukudziwa zimene ndidaganiza? Ndidayamba kumuyang'ana ndi diso loipa telala mnzanga wa khonde loyandikana nalo, munthu wosalakwa, mkulu wa mpingo. Zaka ziwiri zathunthu ndidakhala ndikuchiritsa makina amene sankadwala.

Chikhalirecho zizindikiro zidalipo, ine ndemwe sindinkaziwerenga. M'mawa ndikadzuka, kuseri kwa chidendene kunkakhala kokungika ngati chingwe choyanikapo zovala. Kukwera kamtunda kochokera kumlatho kudayamba kundivuta, phazi silinkafuna kupindikira m'mwamba. Zala zidayamba kukhota ngati za nkhuku yogwira pamtanda. Tsiku lina patapata adandivuka m'njira, ine n'kuyenda mtunda ndithu ndi phazi limodzi lopanda kanthu osadziwa, mpaka mayi wina adandithamangira naye. Ndidaseka, ndidati ndi ukalamba. Pansi pa phazi lamanja, kumunsi kwa chala chachikulu, padamera chikang'a cholimba. Chimenecho ndiye sichidandidetse nkhawa n'komwe, chifukwa telala aliyense ali nacho ndipo mankhwala ake tonse timawadziwa: lezala lomwe timasomolera ulusi. Loweruka lililonse ndinkachisenga ngati ndikusenda mbatata, n'kumanyadira kuti ndine mwamuna wolimba, sindimva kuwawa.

Ndiye idafika nkhani ya ukwati wa amayi anu. Mphatso wanga adali atayamba ntchito muofesi ku City Centre, n'kupezana ndi bambo anu aja, amene nthawi imeneyo adali owonda ngati singano, musaone lero. Diresi la ukwati wake ndidamulonjeza ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atakhala pansi pa makina akutola tizidutswa ta nsalu. Ndidasokera ana aakazi a anthu ambirimbiri, a ku Kawale, a ku Area 10, ena a m'mabanja amene sankandipatsa n'komwe moni mumsewu. La mwana wanga ndinkafuna likhale lomaliza kukambidwa. A Kasamu adatsitsa nsalu yoyera imene ankaibisa pashelefu ya pamwamba, adaidula okha, ndipo adati ndi mphatso yawo kwa Mphatso. Ukwati udali utatsala miyezi iwiri.

Nsalu ya diresi la ukwati ndi yaitali, imatsetsereka kuchoka pamakina mpaka pansi. Ndinkayala nyuzipepala kuti isade. M'mawa wina, ndikuikweza, ndidaona kadontho kofiira kufupi ndi m'mphepete, kakakulu ngati nyemba. Telala akaona magazi pansalu amayang'ana zala za m'manja. Ndidaziyang'ana zonse khumi, kutsogolo ndi kuseri, osapeza pamene singano yalasa. Ndidagwira mphuno, ndidayang'ana kudenga ngati kuli mbalame. Mawa lake padaoneka kadontho kena pafupi ndi koyambako. Ndili m'kati mong'ung'udza, a Kasamu adatuluka m'sitolo, chinthu chimene sankachita m'mawa.

"A Mbewe, tapalasani ndimve."

Ndidapalasa. Gudumu lidabwerera, ulusi n'kuduka. "Mwaona?" ndidatero. "Makinawa akalamba."

"Makinawa ndawamvera pazenera zaka makumi atatu," adatero a Kasamu. "Kale ankayenda osapuma. Tsopano akutsimphina. Chitsulo sichitsimphina, a Mbewe. Takwezani phazi pampandopa."

"Pamaso pa anthu onsewa?"

"Anthu ali ndi zawo. Kwezani."

Adatenga kagalasi kamene azimayi ankadziyang'anira poyesa mipango, n'kukaika pansi pa phazi langa. Ana inu, pakati pa chikang'a chija padali dzenje loti n'kulowamo nsonga ya chala, m'mbali mwake motuwa, likuchucha. Ndinkaponda nalo chitsulo tsiku lonse. Sindinkamva chilichonse, ndipo chimenecho ndicho chidandiopsa kuposa balalo. Zidali ngati ndikuyang'ana phazi la munthu wina.

A Kasamu adakhala pa benchi, adamasula nsapato yawo yakumanzere, adavula sokosi. Zala ziwiri padalibe. Ndidakumbuka kuti chaka china adasowa m'sitolo miyezi ingapo n'kubwera akuyenda mopendama, koma ine sindidafunse, poti za m'nsapato ya mwini sitolo si za telala.

"Shuga yemweyu," adatero. "Ine ndimasambitsa mapazi kasanu patsiku ndisanapemphere. Koma ndinkasambitsa pamwamba, osasuzumira pansi. Tsekani makinawo, tikwere galimoto."

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwa ine mawalo lidali litafika kale, lidangotsala kundipatsa moni.

Kuchipatala tidapeza nesi wachikulire, wa mawu ochepa. Adatsuka balalo, n'kundiuza kuti nditsinzine, azindigunda pansi pa phazi ndi kaulusi kolimba, ndikamva ndizinena. Ndidatsinzina, ndidadikira, ndidadikirabe. Kenaka ndidati, "Mukhoza kuyamba, amayi." Adati, "Ndamaliza kale, bambo." Atatero adagwira phazi langa n'kulikankhira m'mwamba, cha kumsongolo. Lidangosuntha pang'ono n'kuima nji.

"Mukuona apa?" adatero, akutsina mtsempha waukulu wa kuseri kwa chidendene. "Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amaumitsa mitsempha yokoka mafupa. Uwu wauma, wafupika, n'chifukwa chake phazi silikupindika. Ndiye mukamayenda thupi lonse likutsamira kutsogolo kuno, kumunsi kwa zala. Kamnofu kofewa kamene kamakhala pamenepa ngati pilo kaphwa, zala zakhota, fupa likungodinda khungu. Khungu likadindidwa limakhuthala, ndipo pansi pa chikang'acho pamabadwa bala. Mitsempha yomvera kuwawa nayo idagona, palibe wokuuzani. Kenaka inu mukubwera ndi lezala."

Pamenepo ndidazindikira. Lamba wouma amene ndidamufunafuna zaka ziwiri adali m'mwendo mwanga.

"Mumagwira ntchito yanji?" adafunsa.

"Ndine telala."

"Wa makina opalasa? Kuyambira lero phazi ili lisaponde chitsulo, lisaponde msewu, lisayende lopanda nsapato ngakhale m'nyumba. Mankhwala muzimwa monga takuuzirani, ndipo muzibwera tizitsuka. Balali silinafike pafupa. Likafika, nkhani yake tidzakambirana ndi a mipeni."

Ndidamuuza za diresi. Adandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "Bambo, diresi lili ndi atelala ambiri m'tauni muno. Phazi ili lili ndi mwini mmodzi."

Kunyumba, ku Mchesi kumene tinkakhala, ndidakhala pampando ngati mfumu yolandidwa mudzi, mwendo uli pa kampando. Ndidayesa m'maganizo kupalasa ndi phazi lamanzere lokha, koma nalo lidali louma chimodzimodzi, ndipo nesi adali atanena kale kuti likutsatira mkulu wake. Amayi anu adabwera Loweruka.

"Adadi, musadandaule za diresi. Ndikangohaya. Masiku ano aliyense akuhaya."

"Mwana wa telala kukwatiwa m'diresi lohaya? Lonunkha thukuta la akwatibwi asanu ndi awiri?"

"Ine ndikufuna mudzandiperekeze m'tchalitchi ndi mapazi anu awiri," adatero. "Diresi silidzandigwira dzanja."

Adanena zoona, koma zoona zake zidangondidutsa pamutu. Kupereka nsalu ija kwa telala wina kudali ngati kulengeza mumsika monse kuti a Mbewe atha. Ndidawerengera mumtima kuti ntchito yotsala ndi ya masabata awiri okha. Ndimanga bandeji yokhuthala, ndipalasa pang'onopang'ono, nesi sadzadziwa. Ndikuuzani poyera, ana inu: ndidali wokonzeka kusinthanitsa phazi ndi diresi, ndipo ndinkadziona ngati bambo wachikondi. Kudali kunyada chabe. Lamulungu madzulo ndidaika tepi ndi choko m'thumba la jekete, ndikuganiza kuti palibe wandiona. A Nankhoma adali pakhomo akusankha nyemba, ndipo sadakweze n'komwe mutu.

Lolemba m'mawa, ndikufunafuna nsapato imene ingalowe pamwamba pa bandeji, ndidamva galimoto ikuima panja. Adali a Kasamu, makina anga ali kumbuyo atamangidwa ndi zingwe. Agogo anu adali atapita kukawaona a Kasamuwo osandiuza. Anthu adatsitsa makinawo, ndipo a Nankhoma adalamula kuti asaikidwe kukhoma koma pakati penipeni pa balaza. Adaika mpando mbali ino, mpando wina mbali inayo, ndi kampando ka pilo pambali.

"Khalani apo, phazi pa pilo," adatero. "Chitsulo chopondapochi chili ndi mbali ziwiri. Inu gwirani nsalu, ine ndipalasa kuseri kuno."

"A Nankhoma, lamulo mukulidziwa."

"Lamulo la mdala uja? Adamwalira kalekale, sakakusumirani."

"Makinawa phazi lanu salidziwa. Muwasokoneza."

Agogo anu adaseka kaphwete kamene ndinkakadziwa bwino, kamene ankaseka munthu akamawanamiza mtengo wa tomato. A Kasamu, amene adali ataima pakhomo, adayamba kuyang'ana malata ngati akuwerenga misomali. Kuti nkhani ithe ndidatenga kansanza, ndidakaika pansi pa singano, n'kukankha gudumu ndi dzanja. Ndinkayembekeza kuti ulusi uduka pomwepo kuti ndiwauze kuti mwaona.

Poyamba adaphonya kamodzi, poti kuseri zinthu zimayenda mosemphana. Kachiwiri makina adanyamuka. Adayenda mosalala, mofanana, osatsimphina, liwu lomwe lija ndidali nditalisowa zaka ziwiri. Mzere udatuluka woongoka ngati wojambula ndi rula. Ndidakweza dzanja, iwo n'kuima pomwepo, singano ili pansi, monga amaimira munthu wodziwa.

"Mudaphunzira kuti zimenezi?"

"Pakhonde panu," adatero. "Mukapita kukagula zipi imodzi maola awiri."

"Kuyambira liti?"

"Mphatso asanabadwe. Nanga mayunifolomu amene munkawapeza atapindidwa kale m'munsi, mumayesa ankapinda ndi angelo?"

Ana inu, musaseke kwambiri. Ine mayunifolomu amenewo ndinkayesa ndidasoka ndekha n'kuiwala. Ndinkauza anzanga pabawo kuti manja anga ndi achangu mwakuti mutu umatsalira m'mbuyo. Ndidatembenukira kwa a Kasamu.

"Inunso mumadziwa?"

"Ndinkamva pazenera," adatero. "Phazi lanu lidali lolemera, la amayi lopepuka. Makasitomala ena ankachita kufunsa kuti telala wa masana uja alipo? Sindidakunamizeni, a Mbewe. Simudandifunse."

Ndidafuna kukwiya, koma mkwiyo umafuna munthu woimirira, ndipo ine ndidali ndi mwendo pa pilo. Manyazi adandigwira, kenaka chimwemwe chidawapitirira. Ndidaseka mpaka misozi, ndipo misozi ina sidali ya kuseka.

Diresi la amayi anu tidalisoka choncho, maso ndi maso ngati anthu osewera bawo. Ine ndikati "tiyeni" iwo ankapalasa, ndikati "imani" ankaima, kupatula pamene adali m'kati mwa nkhani. Mukadzalitulutsa m'sutikesi mudzayang'ane kukhwapa kwa kumanzere, pali mzere wokhota pang'ono. Pamenepo ndidati "imani" katatu, koma iwo ankandifotokozera za mkangano wa kumsika wa amayi awiri olimbirana malo, ndipo nkhaniyo idali isanafike pokoma. Tidakangana masabata atatu amene ntchitoyo idatenga kuposa zaka zonse za ukwati wathu, ndipo sindikumbuka nyengo ina imene ndidasangalala choncho. Zaka zonse zija ndinkawaona akubwera ndi kupita ndi dengu pamutu. Apa ndidawaona nkhope tsiku lonse.

Madontho awiri aja tidawachapa ndi madzi ozizira, koma kachizindikiro kadatsalabe. Ine ndinkafuna kudula chigawo chonsecho. A Nankhoma adatenga tizidutswa ta nsalu yomweyo, adapinda timaluwa tiwiri, n'kutisokerera pamwamba pake. Pitani mukaone pachithunzi chili pabalazacho, m'munsi mwa diresi cha kumanja. Anthu paukwati ankati ndi sitayilo yatsopano, ndipo atsikana awiri adabwera pambuyo pake kudzafuna maluwa omwewo.

Bala lidatseka kutatsala masiku ochepa. Nesi uja adandilola kuyenda, koma ndi nsapato zofewa, zotakata ngati buledi, zimene sizinkagwirizana ndi suti yanga ngakhale pang'ono. Ndidalowa nazo m'tchalitchi, Mphatso atandigwira dzanja, pang'onopang'ono, anthu n'kumayesa ndikuyenda mwaulemu. Telala mnzanga uja ndinkamuganizira zoipa ndiye adatsogolera pemphero kumadyerero. Ndidamupepesa tsiku lomwelo, iye osadziwa n'komwe kuti ndikupepesa chiyani.

Chitsulo chopondapo chija sindidachipondenso. Mtsempha ukauma subwerera ku unyamata, umangofewako ukamaukoka tsiku ndi tsiku monga mumandionera nditatsamira khoma m'mawa, inu n'kumati agogo akukankha nyumba. Tiyi wa masupuni anayi ndidatsanzikana naye, mandasi timangopatsana moni patali. Lezala lidabwerera ku ntchito yake yosomola ulusi. Pakhonde tidabwererako tonse awiri, a Nankhoma atasiyira mng'ono wawo malo a masamba, ndipo a Kasamu adatulutsa mpando wachiwiri. Anthu ankaima kudzaonerera makina a anthu awiri. Tidasoka choncho zaka zisanu ndi zinayi.

Ndipo tsiku lililonse tikaweruka, dzuwa lisanalowe kuti aone bwino, agogo anu ankatenga beseni lomweli. Ankayesa madzi ndi chigongono, ankasambitsa, ankapukuta pakati pa zala chimodzichimodzi, ankadzoza mafuta kuchidendene, n'kusuzumira pansi ngati munthu wofuna nsabwe. Nsapato zanga ankayamba apisamo dzanja ndisanavale, kuopa kamwala kapena phini. Ndikati ndatopa nazo, lero tisiye, ankati, "Khalani chete. Phazi ili ndi langa, ndidalipulumutsa ndine. Inu mwangobwereka."

Agogo anu atadwala matenda awo omaliza, amayi anu adatitengera kuno. Masiku amenewo a Nankhoma sankalankhula zambiri, koma tsiku lina adamuitana Mphatso n'kumuuza kuti, "Phazi langa lija muzilisuzumira. Mwini wakeyo ndi wosamva." Tidakawaika kwathu kuseri kwa Mitundu. Kuchokera panyumba kukafika kumanda ndi kamtunda ndithu, ndipo bambo anu adabweretsa galimoto pafupi kuti ndikwere. Ndidakana. Ndidawaperekeza wapansi, ndi nsapato zanga za buledi, pa mapazi awiri amene adandisungira.

Basi, madzi aja azizira. Chisomo, yesa ndi chigongono monga ndidakuphunzitsira, osati ndi chala. Takondwa, tenga thaulo, ndipo usuzumire m'nsapatomo. Muyang'ane bwino pansi, kumunsi kwa chala chachikulu, ndi pakati pa zala zonse. Mukaona pofiira, potupa kapena ponyowa, musandibisire poopa kundidandaulitsa, kauzeni amayi anu. Kwinyani mphuno mmene mungathere, koma muyang'ane. Phazi limeneli si langa, ndi la agogo anu aakazi. Tsiku lina ndikakawapeza adzayamba kuyang'ana pansi asanandipatse moni, ndipo ndikufuna ndikawabwezere lathunthu.